Chitsime Chouma cha ku Unit N

Amene wanena kuti “manyepo, sekuru,” ati ndine gogo wabodza, aimirire ndimuone nkhope! Ndatopa nanu. Zaka zisanu tsopano mukuloza chitsime chouma cha ku Unit N chija n’kumati n’cha a Matola, ngati ndine ndinamwa madziwo.

Chaka cha chilala chija kunabwera injiniya, bambo Moyo, ndi makina oyezera maginito a pansi. Ankafuna mwala wakuda wokhala ndi chitsulo, chifukwa madzi amabisala m’mphepete mwake. Anasankha ine kuti ndinyamule makinawo, ndipo akanasankhanso ndani? Mawondo angawa ankamva chitsulo, moti ndikadutsa m’dera la St Mary’s misomali inkazuka pamadenga n’kumanditsatira ngati anapiye, basi ya ku Harare inkakhota yokha dalaivala akulira, ndipo singano imene mayi anga anataya ku Dedza ine ndisanabadwe ndinaimva ndili konkuno, ndinalemba kalata, anakaipeza pansi pa mtondo ulusi udakali momwemo! Mukumva? Iwe wosekawe, Chichewa ukuchimva bwinobwino, usandiyankhe m’Chishona.

Lamulo linali limodzi: wonyamula makina asakhale ndi kachitsulo kalikonse. Lamba ndinavula, makiyi ndinasiya, buluku ndinamanga ndi luzi. Jombo zanga za kumgodi, zimene anandisiyira malemu bambo, zinali ndi chitsulo kuzala, ndiye anati ndiziyenda wopanda nsapato. Ine, mkulu wampingo!

Ndinayenda mizere yonse kuseri kwa Unit N, kupita n’kubwera, dzuwa likusungunula miyala, ndikuima, ndikuwerenga manambala, bambo Moyo ali pamthunzi kulemba. Pakati pa thengolo manambala analumpha, mzere uliwonse pamalo omwewo. Atawajambula papepala panatuluka phiri lotambalala. Iwo anati phiri likakhala losongoka, mwala uli pafupi, likatambalala uli pansi kwambiri. Anayeza ndi rula n’kunena kuti mamita sikisite.

“Mawondo anu akuti bwanji, madala?”

Ndinati akuvomereza. Ndikanati chiyani?

Anaboola milungu iwiri, amayi atandanda ndi zidebe mpaka ku Unit K, mkazi wanga patsogolo penipeni akuuza aliyense kuti madziwo awapeza ndi amuna ake. Kunatuluka fumbi lokhalokha. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mayiyo anabwerera kunyumba chidebe chili m’manja, osandiyang’ana.

Koma inu munaiona minga ya pakati pa thengo lija? Yaitali ngati chala, yodzaza malo aakulu ngati bwalo lonse la mpira! Ndani akanapondapo ndi phazi lake lobadwa nalo? Jombo zija ndinkazibisa patchire, n’kumavala podutsa pamingapo pokha, ndikangowoloka n’kuvula, n’kuziponya pamzere wotsatira. Minga ikatambalala, ndi mlandu wanga?

Ndiye musamanene kuti ndinanama. Ndinati chitsulo chilipo, ndipo chinalipodi, pamalo enieniwo. Amene analakwitsa ndi bambo Moyo: kuya kwake anaphonya ndi mamita sikisite.