Khoma la Mayi Nambewe Lapita Kumapeto

Lolemba
Lipoti la nyumba za kukomboni ndalimaliza. Masamba khumi ndi anayi! Makoma atatu agwa ndi mvula, madenga akudontha. Lachisanu lipite kulikulu ku Blantyre, malata ndi simenti zibwere. A Manijala aliwerenga chiimire. "Lili bwino, koma madandaulo a anthuwa achuluka m'kati. Muwaike kumapeto, pa endnotes." Ndavomera ngati ndikudziwa chimene akunena.

Lachiwiri
Ndapeza podina! Ndikachotsa dandaulo m'ndime, kompyuta ikusiya kanambala, mawuwo n'kukagwera kutsamba lomaliza. Koma manambala ake ndi achiroma. Khoma lija linathyola mwendo wa mayi Nambewe, othyola tiyi a kumunda wakumtunda, tsopano dzina lake ndi xiv.

Lachitatu
M'mawa wonse kusakasaka, achiroma asanduka 1, 2, 3. A Manijala akuti zilembo zakumapetozo zakula, zikhale saizi 8. Ndasintha sitayilo, koma yolakwika. Lipoti lonse lachepa, ndi mutu womwe. Ndikukonza ndime imodziimodzi, magetsi athima ndisanaseve.

Lachinayi
Zimene a Manijala akufuna lero:
saizi 7
zilembo zopendeka
kamzere kolekanitsa kachoke
mawu oti "kugwa" akhale "kupendekeka"

Masana mayi Nambewe afika pawindo la ofesi ndi ndodo yawo. "Achimwene, za ine mwalemba?" Ndawatembenuzira kompyuta, ndaloza 14. Ayang'ana nthawi yaitali. "Kadontho ako ndi ine?" Ndati eya, zambiri zili kumbuyo.

Lachisanu
Galimoto ya ku Blantyre ikulira panja. A Manijala: "Timanambala iti tikuoneka ngati nyerere. Chotsani." Ndachotsa kamodzikamodzi, mofulumira, ndaseva, ndapulinta. Masamba asanu ndi anayi okha! Palibe anandiuza kuti ukafufuta kanambala, mawu ake kumapeto amapita nako. Ndatsegula pakamwa, a Manijala asayina kale. "Mwaona? Laoneka laukhondo." Dalaivala wanyamula envulopu.

Loweruka
Ndapempha kiyi wa ofesi kwa alonda kuti ndione ngati lipoti lakale likadali m'kompyuta. Ndinaseva pamwamba pa lakale. Lomwe latsala ndi laukhondo lija: nyumba "zikufunika kuonedwapo". Ndayesa kulemba madandaulowo kuchokera m'mutu, ndafika pa dandaulo lachisanu ndi chimodzi, ndasiya. Ndipereka kwa yani? Mvula yayambanso cha ku Thekerani, ikubwera kuno.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi, mayi Nambewe akuuza amayi anzawo kuti dzina lawo lakwera galimoto, lili patebulo la mabwana ku Blantyre. Akuti ndi nambala 14. Mmodzi akufunsa nambala yake, ndamuuza 9. Wina 11. Onse akondwa.

Mayi Nambewe andipatsa phava la nthochi. Ndalandira ndi manja awiri.