Mawanga a M'bafa la a Kadzamira

Pali mwambi wina, ana inu, umene chiyambi chake n'chotere, ndipo iwe ukuseka kumbuyoko yamba watseka pakamwa.

Ku Chilinde kunali a Kadzamira, munthu wodzitukumula ngati finye. Atamanga nyumba, m'bafa anaikamo matailosi a mwala weniweni, oyera mbee. Apongozi awo, a Nankhoma a ku Ntcheu, adanenapo kale kuti mkamwini ameneyu sangamange ndi khola la nkhunda lomwe. Mawuwo ankawadya mumtima a Kadzamira, choncho anawatumizira uthenga kuti Loweruka abwere adzaone okha.

Tsoka ilo, Lolemba m'mawa anapeza khoma la bafa latuluka mawanga achikasu, kuchokera pampope kutsetsereka mpaka pansi. Akazi awo, a Elube, anati bwanji afunse alamu awo a Lufeyo, achimwene a mayiwo, mmisiri wa matailosi, amene ankakhala nyumba yachitatu chabe.

"Ine kufunsa Lufeyo?" anatero a Kadzamira. "Munthu wosambira kuseri kwa mpanda andiphunzitse za bafa?"

Anayamba ndi mandimu. Ati mandimu amayeretsa mapoto, nanga mwala n'chiyani. Komatu mwala wotere sugwirizana ndi zowawasa. Unadyeka, kusalala konse kunatha, mawanga ali pompo. Lachitatu anatenga waya wotsukira mapoto, kwechekweche tsiku lonse, thukuta kamukamu. Tizidutswa ta wayayo tinatsalira m'timaenje ta mwala n'kuchita dzimbiri, moti pofika Lachinayi khoma linali mathothomathotho ngati nkhanga.

A Elube anaona kuti manyazi awa agwera banja lonse, ndiye anazemba kukafunsa achimwene awo. A Lufeyo sanachedwe n'kulidziwa vutolo. Anati paipi yachitsulo ndiyo yachita dzimbiri, madzi ake ndi amene akudetsa khoma. Asinthe paipiyo, pamawangapo amate phala la mankhwala ochotsa dzimbiri oyenera mwala, aphimbe ndi pulasitiki mpaka mawa lake, pakauma apake mankhwala oti mwala usamamwe madzi. Basi, nkhani yosavuta. Koma mayiwo atangoti "achimwene akuti," a Kadzamira anakweza wailesi.

Lachisanu nzeru zinawabwerera, nzeru zake zomwe zija. A Kadzamira anakumbuka momwe amayi awo ankawalitsira simenti ya pabalaza ndi polishi wopanga okha. Anapita kumsika kwa ogulitsa uchi, anagula phula, analisungunula pambaula n'kuthiramo palafini. Kenaka anamata khoma lonse, ndi pansi pomwe, mochindikala ndithu. Mawanga anabisika, bafa likuchita kung'anima. Munthu uja tsiku limenelo ankayenda akuimba mluzu.

Loweruka a Nankhoma anafika, a Lufeyo atakawachingamira kudepoti. Asanamwe ndi madzi omwe, mkamwini anawatsogolera ku bafa, ali mu suti ndi tayi. Anavula nsapato n'kulowa ndi masokosi, onse ataima pakhomo.

"Amayi, kuno madzi sitiphitsa pamoto. Timangopotokola apa."

Anapotokoladi. Madzi otentha aja atangogwera paphula, mwendo wina unapita ku Dedza, wina ku Salima. Bambo anagwa chafufumimba kukamwa kuli yasa, mano akupala pansi mpaka pangodya. Podzuka, m'kamwa munali mutadzaza phula lonunkha palafini, dzino limodzi lakutsogolo litatsala pomwepo. Madziwo anapitiriza ntchito yawo, kusungunula zomata zija, ndipo mawanga onse anabwerera poyera, achikasu ndi adzimbiri omwe.

A Nankhoma sanaseke. Paja mpongozi sayang'anana ndi mkamwini m'maso, ndiye anatembenukira mwana wawo wamkazi n'kufunsa ngati m'dera lonselo munalibe munthu wodziwa za miyala. A Elube anangoloza achimwene awo ndi mlomo, n'kuthamangira amuna awo ndi kansalu kuti awapukute.

"Asiye, mwanawe, alavule okha," anatero gogoyo. "Safunsa anadya phula."