Mtedza wa Anaphiri

Mpaka lero ndikamva fungo la mtedza pachiwaya, mtima umandiluma. Mulungu anandikhululukira, koma ineyo ndikadali m'njira.

Zinachitika chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri, chilala chitangotisiya. Amayi a kutchalitchi kwathu ku Ndirande tinasonkha kuti tithandize akazi amasiye akumidzi ya kuseri kwa Machinjiri. Tsiku logawana ntchito sindinapite, mwana anali ndi malungo. Mawa lake amayi apampando anatula thumba la mtedza pakhomo panga.

"Mutisungire, kwanu kulibe makoswe. Ndi wa amasiye aja."

Ine bizinesi yanga inali yokazinga mtedza pamsika (ndipo osadzitama, unkatha dzuwa lisanapendeke). Ndinaliyang'ana thumbalo, chifundo chinandigwira. Anthu anjala, mchere alibe, tiwapatse wauwisi? Ndinakoleza mbaula. Ndinakazinga wonse, ndikuimba nyimbo zotamanda. Mchere ndinathira wanga, osauza munthu, poti dzanja lamanzere lisadziwe. Kenako ndinaubwezera m'thumba n'kusoka bwinobwino.

Loweruka tinakwera minibasi, kwinako wapansi, thumba lili pamutu panga. Mnzanga wina anati, "Koma kukununkhira bwanji?" Ine ndinangomwetulira.

Tinayambira kwa Anaphiri, mayi wamasiye wolera adzukulu. Anationetsa munda wawo, mizere italimidwa kale, yoyera, ikungodikira. Apo ndinayamba kukayikira za mtedza ndinakazinga uja. Pemphero anapatsa ine. Ndinalitalikitsa dala, mpaka kupempherera oyendetsa minibasi, koma ameni anafikabe.

Amayi apampando anamasula thumba. "Nayi mbewu, mvula ikagwa mudzale."

Anaphiri anatapa, ananunkhiza, anaponya kamodzi m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Zikomo kwambiri, amayi. Kani kutauni mbewu mumathira mchere?"

Onse anatembenukira kwa ine. Amayi apampando anangoti, "Make Chisomo, mwatani?"

"Ndimati asavutike," ndinayankha, mawu ali ngati a mwanapiye.

Palibe anaseka kupatula adzukulu aja, amene anali atadzaza kale masaya. Anaphiri anandigwira dzanja. "Musalire, mwakazinga bwino. Sunapserere." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kundikalipira.

Ndinayesetsa kupeza mtedza wina, koma pamene ndinkafika nawo, mvula yodzalira inali itapita. Amasiye enawo anapempha mbewu kwa abale. Anaphiri analibe kopempha. Anadzalabe watsopanowo mochedwa, n'kukolola wosadzaza lichero, ndipo chaka chimenecho anakhalira maganyu m'minda ya anzawo. Sanandinenepo ngakhale kamodzi, Ambuye awadalitse.

Ndinaphunzira kuti chifundo chisanakoleze moto chiyambe chafunsa. Chaka chotsatira tinatumiza uthenga kuti tikubweretsa mbewu ya nyemba. Yankho la Anaphiri linabwera mwaulemu:

"Abwere ndithu mayi uja, ndamusowa. Koma nyembazo asunge wina."