Tsiku Lomwe Ndinabwereka Dimba

Nkhani iyi kwathu ku Kasenengwa amaikamba ndikangopereka msana. Bola ndiikambe ndekha, manyaziwo ndi anga.

Chinali chaka cha chilala chija, chimanga chitapsa chisanabereke. Ine ndinkaitanira mabasi pa siteshoni ku Chipata. Ndinapita kumudzi kukaona amayi nditavala jekete ya salaula, yogula pa kaunjika, m'thumba mulibe olo kobiri.

M'mawa mwake amayi anapita ku maliro. Posakhalitsa galimoto ya boma inaima pabwalo. Munatsika bwana wamimba ndi mtsikana wonyamula mafomu. Kuyang'anitsitsa, Esinati! Mwana wa aphunzitsi amene anandikana tili Giredi 9, akuti kwathu timadya kamodzi patsiku.

"Aa, Gabu, uli kuno? Tikulemba za minda. Wanu uli kuti?"

Sindinafunse kuti akulemberanji. Mtima unangoti uyu wabwera kudzandisekanso.

Munda wathu unali kuseri kwa nyumba pomwepo, mapesi okhaokha, olo mbuzi zinkaulambalala. Ndinawadutsitsa osayang'anako n'komwe, mpaka kudambo, pa dimba la a Zulu, neba wathu. Repu, tomato, chimanga chobiriwira kuti biriwiri!

"Lonseli ndi lanu?" anafunsa bwana uja.

"Small portion chabe iyi, sir."

Esinati anandikoka jekete. "Gabu, ganiza bwino. Palibe chomwe chinawonongeka?"

Magazi anawira. "Ukufuna ndinene kuti tili ndi njala kuti ukaseke ndi anzako? Lemba! No problem!"

"Mnyamata, anzako onse akulira chilala," anatero bwana.

"Aulesi amenewo, sir!"

Ndinathyolanso tomato wodzaza chipewa n'kuwapatsa. "Mukadyere ku ofesi." Esinati anapukusa mutu n'kulemba.

Amayi atabwera anandifunsa ngati a chithandizo cha chilala afika. Chithandizo? Ndinangoti, "Zonse ndakonza, amayi."

Patapita masabata atatu mudzi wonse unasonkhana pa sukulu. Aliyense woitanidwa ankalandira ndalama ya mbewu ndi thumba la chimanga chayelo. Amayi anakhala kutsogolo, chitenje chomangira katundu chili pamiyendo. Mayina anatha, lawo osamveka. Koma la a Zulu linamveka bwinobwino!

Ndinalumpha. "Katangale uyu! A Zulu a dimba alandira bwanji? Corruption!"

Esinati sanakweze mawu. "A Zulu anationetsa munda wawo wouma, uja uli kuseri kwa nyumba yanu. Abwana anachita kugwira pakamwa, akuti m'dera lonse lino sanaone woipa chotero. Inu paja munati no problem."

Anthu anaseka, ena mpaka kukhala pansi. A Zulu anabwera thumba lili paphewa.

"Mwana wanga, tsiku lija ndinali m'nthochi, ndinamva zonse. Iwe unabwereka dimba langa, ine ndabwereka munda wako. Takwanirana. Koma tomato uja ubweze."

Amayi sanaseke. Anapinda chitenje chawo pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kujekete.

"Gabu, tiye kunyumba. Ukatiphikire no problem wakoyo, tidye."

Munda wathu unalandira chithandizo, eni ake ayi. Pa njala Chizungu sichilowa m'poto.