Nkhondo ya Ndowa ndi Ndowe

Nkhaniyi anandiuza wokonza maambulera wina amene ndinabisala naye mvula pakhonde la sitolo.

Tcherani khutu, mibadwo inu! M'chaka chija nkhumba ziwiri zinkagona m'khola limodzi logawidwa ndi lata, kunadzuka Aphunzitsi opuma ntchito, Mkango wa Choko, Chiphaliwali cha Mandala Awiri, amene ankadyetsa nkhumba yawo ufa wa mavitamini wa m'paketi. Kuseri kwa latalo kunkalamulira alamu awo, Namondwe wa Madeya, mayi wosaopa fungo. Ndowa yosakanizira chakudya inali imodzi yokha, ndipo anapangana kuti wogonja pa mkangano wa chakudya cha nkhumba asadzaigwirenso mpaka kumanda.

"Alamu!" anabangula Aphunzitsi, atakweza paketi ngati chishango. "Ufa uwu umalowa wonse m'magazi! Madeya anuwo amangodutsa m'mimba ngati basi yodzaza!"

"Iii, alamu, khalani pansi mungagwe," anayankha Namondwe. "Madeya amasesa matumbo kuti chakudya chipeze pokhala. Yanuyo ikumwa mankhwala isakudwala."

Sikelo panalibe. Choncho Mkango unalamula kuti nkhuku zake ziweruze: ndowe zimene nkhukuzo zikathamangire, ndiye kuti chakudya cha nkhumbayo chimatuluka chisanagwire ntchito.

Kutacha, milu iwiri ya ndowe inaikidwa pabwalo mwaulemu wonse. Aphunzitsi anatsegula chitseko cha khola la nkhuku. Oweruza asanu ndi awiri anatuluka, anapendeketsa mitu, kenako onse liwiro kumulu wa nkhumba ya madeya!

"Ndapambana!" anakuwa Aphunzitsi, akudumpha mpaka mandala kugwa. "Bweretsani ndowa!"

Koma Namondwe anali akuvina kale. "Yanga imakhuta mpaka kuitana alendo! Yanu ndi yaumbombo, ngakhale ntchentche yabwerera. Tandiuzani, alamu, nkhuku zanuzi zimadya kuti tsiku lililonse? Nanga mazira aja mumakazinga m'mawa, mukuti amachokera m'paketi?"

Mkango unayang'ana nkhuku. Unayang'ana mulu. Unagwira pamimba.

Mtendere unasainidwa masana omwewo. Ufa ndi madeya zinathiridwa m'ndowa imodzi, ndipo ngwazi ziwirizo zinanyamula chogwirira chimodzi, zikupondana zala, tambala akutsogolera ngati wa lipenga. Nkhumba, zimene palibe anazifunsa maganizo, zinadya zonse n'kuyamba kutafuna ndowayo.

Ine nkhaniyi ndikuikayikira. Munthuyo analumbira kuti anaona ndi maso ake, koma analumbiranso chimodzimodzi pa ambulera yanga, ndipo inadontha ndisanafike pakona.