Che Hafizi ndi Galasi la Landikuruza

Mukatchula malemu Che Hafizi ku Bangwe, munthu amayamba waseka kaye, kenako n'kukuuzani kuti mkuluyu anakalamba akusankha galasi la kutsogolo la galimoto yake. Mkazi anasankha tsiku limodzi, koma galasi linawazunguza mutu mpaka imvi.

Anali ndi chilandikuruza chakalekale chimene chinkakweza mchenga ndi njerwa kumtunda kosafika minibasi. Galasi lake linaswedwa ndi mbuzi imene inadumpha kuchoka pamulu wa njerwa. Kuyambira pamenepo ankayendetsa atavala magalasi a owotcherera zitsulo, mphepo ikuwakupiza masaya. Nyengo ya ngumbi ankafika pakhomo ndevu zili yakayaka, aneba n'kumati abwera ndi ndiwo.

Sikuti galasi sankalifuna. Ankapita ku Ndirande pafupipafupi, kwa a Laurenti ogulitsa masipeya.

"Ili ndi lathunthu, Che Hafizi, lolimba."

"Likundionetsa anthu onenepa. Ndingagunde munthu ndikuyesa ali pafupi."

"Nanga lapulasitikili? Silisweka."

"Fumbi la kwathu lilikalakala. Ndiziona ngati ndili m'thobwa?"

"Tengani latheka ili, mphepo izipita pamwamba."

"Achimwene, mvula ya ku Bangwe imagwa theka?"

Lakuda analikana chifukwa anthu sangawaone n'kuwapatsa moni. A Laurenti ankangogwira m'chiuno.

Zinthu zinavuta mwana wawo Hafsah atapeza banja. Ukwati unali mu Januwale, ku Machinjiri, ndipo msewu wotsika kunyumba kwawo unali phala lokhalokha, moti galimoto ina iliyonse ikanatitimira.

"Ababa," anatero Hafsah, misozi ili lengelenge, "chopanda galasi ine sindikwera. Ndikafike kwa apongozi ngati nkhuku yogwera m'chitsime? Bola ukwatiwo ulephereke."

Che Hafizi anathamangira ku Ndirande kwa a Laurenti.

"Ndipatseni lathunthu lija. Anthu anenepe, zilibe kanthu!"

"Linapita kalekale."

"Lapulasitiki?"

"Nalonso. Latheka lija wina anapangira tebulo."

Anazungulira Limbe, Zingwangwa, Chilomoni, atanyamula chingwe choyezera. Ili lalifupi, ilo la basi. Ku Naperi anagwadira mwini galimoto yofanana ndi yawo kuti awabwereke galasi tsiku limodzi lokha, koma munthuyo anangoseka n'kutseka geti. Anafika pakhomo n'kukhala pakhonde manja ali kunkhongo. Ukwati unali mawa lake, ndipo mitambo inali bii kumwamba kwa phiri. Anaganiza za azibale a mkamwini, anthu amashopu, akuona mwana wawo atanyowa chifukwa cha makani a bambo wake. Chakudya chinawakanika.

Mam'mawa akazi awo, mayi Zeinabu, anadzidzimuka ndi kugogoda kwa hamala pabalaza.

"Inu bambo a Hafsah, mukugumula nyumba?"

"Ndikubwereka zenera lokha, mayi. Ndibweza."

Analizula lonse, felemu ndi zitsulo zake zotchinga akuba, n'kulimangirira kutsogolo kwa galimoto ndi linya. Katani anaiwala kuchotsa. Mvula itayamba, ankatsegula mbali imodzi, kupukuta ndi mpango, n'kutsekanso. Hafsah anakhala pambali pawo akusuzumira m'zitsulo ngati wopita kundende, ndipo anthu m'misewu ankagwa nako kuseka. Koma pofika ku Machinjiri mkwatibwi anatsika ali wouma gwaa. Anagwira bambo ake dzanja, ndipo mkuluyo anatembenukira kumbali, ati katani yawathira fumbi m'maso.

Pobwerera anapeza mipando ya pabalaza ikusambira. Mayi Zeinabu sanawalankhule mpaka inauma.

Che Hafizi anatisiya chaka chatha, atangodwala pang'ono. Anthu amene anaperekeza maliro awo pa jeneza sanakwane mumsewu. Masiku ano kumtunda kuja kuli zii, ndipo omanga nyumba amasenza mchenga pamutu. Tsiku lina mayi Zeinabu anakumana ndi a Laurenti pashopu yawo, n'kuwafunsa za malonda.

"Akuyenda, mayi," anayankha. "Munthu amangofika, kuloza galasi, kunyamula, n'kumapita. Ndimaweruka kukhosi kusanaume n'komwe."

Atatero, a Laurenti anayamba kupukuta galasi limene linali loyera kale.