Khadi Lotchipa ndi Makiyi a Galimoto Yanga

Kwa Bwana Wamkulu,
Sitolo ya Mbee Makompyuta.

Bwana wolemekezeka,

Ndisanafike pa nkhani yanga, ndiloleni ndikudziwitseni ana anga, kuti musaganize kuti akukulemberani ndi munthu wamba wongodutsa. Woyamba ndi wamkazi, namwino wamkulu pachipatala. Kunyumba kuno timamutcha Jekeseni, chifukwa ngakhale mawu ake amabaya. Wachiwiri ndi Choko, mphunzitsi wa masamu kusekondale, ndipo ena mwa ana amene anawaphunzitsa lero ndi mabwana ngati inu. Chitsirizira ndi Kandege, amene amakonza injini za ndege kudziko lakutali. Onsewa ndinawaphunzitsa ndi chiwongolero. Ineyo sukulu ndinangoinunkhiza, ndinasiya nditangodziwa kuwerenga zikwangwani zapamsewu ndi kusaina, koma ndayendetsa malole mpaka imvi mbuu, osagundapo ngakhale nkhuku.

Kalatayi ndikulankhula ndine, akulemba ndi akamwini anga, amuna a Jekeseni. Mzere uliwonse akamaliza akundiwerengera mokweza, chifukwa pa nkhaniyi nawonso ali ndi kaphindu kawo, monga mumve kutsogoloku.

Nkhani inayamba chonchi. Kandege amanditumizira mauthenga ataliatali ndi zithunzi za mwana wake, mdzukulu amene sindinamunyamulepo. Pafoni zilembo zimakhala ngati nyerere, choncho Choko anandibweretsera kompyuta yake yakale, bokosi lakuda ndi sikirini yaikulu, naiika pa tebulo la pabalaza. Zilembo zinakula ndithu, koma chilichonse chinali ndi kamthunzi kake pambali, ngati zalembedwa pa pepala lonyowa. Mdzukulu wanga pa chithunzi ankaoneka ngati ndikumuonera pa galasi la lole mvula ikugwa, mawaipa atafa. Ana anagwirizana kuti vuto ndi khadi la zithunzi, limene anyamata anu amalitcha girafiki khadi, ndipo atatu onse anasonkherana kuti andigulire latsopano. Umu ndi mmene ndinapondera m'sitolo yanu yokongola ija, ya matailosi oterera ndi mphepo yozizira.

Tsopano ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha wogulitsa wanu wa tayi yofiira. Anandiyalira makhadi atatu pa kauntala. Lalikulu linali ndi mafani atatu ndi magetsi amitundumitundu ngati basi ya paukwati, ndipo anati limenelo ndi la achinyamata owomberana mfuti pa sikirini. Lapakati anati ndi la ojambula mapulani a nyumba. Kenako anandiyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato, nakankhira kutsogolo kakang'ono ka fani imodzi, nati kameneka ndi kotchipa ndipo pa zilembo ndi zithunzi za adzukulu kakwanira, zonse zidzaoneka mbee. Bwana, munthu wotha kuyeza thumba la kasitomala poyang'ana nsapato zokha ndi waluso. Musamutaye.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha mmisiri wanu amene anabwera kudzaika khadilo. Anafika ndi chikwama cha zida, anatsegula bokosi, analowetsa khadi, anamanga. Kenako anakhala nthawi ndithu atagwada kuseri kwa tebulo, chingwe chili m'manja, akukanda m'mutu. Ine ndinaganiza kuti akupemphera, ndinavula chipewa. Atadzuka anamata sitika yonyezimira pa bokosi, natichenjeza kuti aliyense wokhudza kuseriko chitsimikizo chathu chathera pomwepo. Anayatsa, nafunsa ngati tikuona kusiyana. Choko anati akuona. Jekeseni anati kusiyana kwake n'kwakukulu. Kandege, amene ankaonera pa foni ya mlongo wake ali kutsidya kwa nyanja, anati ngakhale iye akuona. Onse anali atasonkha, ndiye onse anaona. Ine ndekha, amene sindinasonkhe, ndinati zilembo zikadali ndi mthunzi, ndipo mdzukulu wanga akadali mu mvula.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona mtima wanga, ndikuthokoza chifukwa cha chipatala cha maso chimene mwatsegula m'sitolo yanu osatiuza. Jekeseni ataimba foni kufotokoza dandaulo langa, wa tayi yofiira uja anayankha, ine ndikumva ndi makutu angawa: "Mayi, khadi lilibe vuto. Vuto ndi maso a madala." Anandipima pa foni, Bwana. Sananditsegule chikope, sanandiwalitse tochi, sanandilipiritse. Madokotala amathera zaka zambiri kusukulu kuti aphunzire zimene mnyamata wanu anachita atatsamira kauntala.

Mawu amenewo agwira ntchito kuposa khadi. Jekeseni anati ngati bambo sakuona zilembo zazikulu ngati zimenezi, pamsewu akuona chiyani? Ndinamuwerengera nyuzipepala, anati ndaloweza. Ndinamuwerengera nambala ya galimoto imene inkadutsa, anati mwini wake ndi mnzanga. Kwa Jekeseni, mawu a katswiri wa m'sitolo ya matailosi aposa mawu a bambo ake omubereka. Tsopano ana agwirizana kuti pa msonkhano wa banja umene ukubwerawu andilande makiyi a kagalimoto kanga, kamene ndinagula nditapuma pantchito, kamene ndimapitira kumunda, kutchalitchi ndi kumaliro a anzanga. Ndipo amene asankhidwa kuti "azikasamalira" si wina ayi, ndi akamwini omwe agwira cholemberawa. Lembani momwemo, akamwini, musadumphe. Dzulo ndinawaona akuyeza mpando wa dalaivala ndi maso.

Pakadali pano andilola kumangoliza injini m'mawa kuti batire isafe. Ndimakhala pa chiwongolero, injini ikulira, galimoto ili chiimire pabwalo, aneba akusuzumira pa mpanda. Mkazi wa neba wanga anandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna andigwire dzanja powoloka msewu. Ameneyu ndi mayi amene ndinamuthamangitsira kuchipatala ali ndi pakati, matenda atamuyamba, pa msewu wa maenje okhaokha, osaphonya ngakhale khona imodzi.

Chachinayi ndi funso chabe, la munthu wosaphunzira, ndipo mundikhululukire ngati ndi lopusa. Tsiku lina ndikusesa, tsache linakola kuseri kwa tebulo, ndipo ndinagwada pamalo pomwe anagwada mmisiri wanu. Sindinakhudze kanthu, sitika yanu ndimaiopa kuposa apolisi apamsewu. Ndinangoyang'ana, ndi maso omwewa amene munawapeza olakwa. Khadi latsopano lili m'munsi, kafani kake kakupota mokhulupirika, ndipo mabowo ake onse akadali otseka ndi tizivindikiro takuda ta kufakitale. Chingwe chochokera ku sikirini, cha mutu wabuluu wonenepa, chili m'mwamba, pa bowo lakale pomwe chinali Choko asanabadwitse nkhani yonseyi. Ndipo mutu wabuluuwo, poyerekeza ndi maso, sungalowe pa timabowo ta khadi latsopano ngakhale mutaupaka girisi.

Ndiye ndimafuna mundiphunzitse, Bwana. Kodi zithunzi zimachoka bwanji mu khadi kupita pa sikirini popanda chingwe? Kapena makhadi otchipa amatumiza zithunzi kudzera mu mphepo ya kafani kaja? Ngati ndi choncho, mwina tiziyandikiza sikirini kuti mphepo izifika bwino. Kuntchito kwathu injini ikamalira giya osalowetsa, lole siyenda, ndipo dalaivala akauza bwana kuti katundu wafika, amamuchotsa ntchito. Koma izo ndi za malole. Za makompyuta mukudziwa ndinu.

Ndinawaonetsa akamwini zimenezi. Anagwada, anayang'ana, anadzuka, napukuta mawondo, nati sitika ndi sitika, tisakhudze. Sindinaonepo munthu wolemekeza sitika ngati akamwini anga. Ndinauza Choko, anati mmisiri sangalakwitse chinthu chapafupi chotere, ndipo kuti abambo mukagwadagwada kuseri kwa matebulo mudzathyoka msana. Ndinaimba kusitolo kwanu, anandiuza kuti mmisiri ali kunja. Ndinaimbanso, ali kunja. Ndikuganiza kuti mnyamatayo simunamupatse mpando m'katimo.

Chachisanu, ndisaiwale kuyamikira khadi lenilenilo. Silinandilakwire. Ndi lofatsa, silichita phokoso, ndipo m'nyengo yozizira mphaka wathu wapeza pogona kuseri kwa bokosi, pamene limatulutsira kamphepo kofunda. Pa ntchito imeneyo ndilichitira umboni kulikonse. Ngati pali makolo ena amene akufuna khadi lotchipa lotenthetsera mphaka, atumizeni kwa ine ndiwalimbikitse. Koma ngati akufuna zilembo zooneka bwino, ndidzawalangiza kuti asanafunse za mafani ndi mtengo, ayambe atenga chingwe chawo cha kunyumba, apite nacho kusitolo, aone ndi maso awo ngati chikulowa. Ine ndinapita ndi nzeru za ana atatu ophunzira, chingwe ndinasiya.

Sindikupempha kuti mundibwezere kalikonse. Ndalama zinali za ana, ndipo iwo ndi okhutira. Sindikupemphanso kuti mudzudzule anyamata anu, chifukwa nawonso ali ndi makolo amene amawanyadira ngati mmene ine ndimanyadira anga. Chimene chinatuluka m'sitolo yanu n'kulowa m'nyumba mwanga ndi mawu akuti maso anga atha, ndipo mawu amenewo ndi amene ndikufuna mudzawatenge nokha.

Choncho pempho langa ndi laling'ono. Banja lonse likumana kunyumba kwanga Loweruka pa 14 Juni, masana. Kandege akubwera pa ndege ndi mdzukulu wanga, ndipo ndidzamuona nkhope popanda thandizo lanu. Ndikukuitanani, Bwana, mudzakhale mlendo wolemekezeka. Ndidzakupatsani mpando wanga wa pa tebulo, kompyuta ili momwe anaisiyira mmisiri wanu, sitika ili pomwepo. Ndidzatsegula uthenga umodzi wa Kandege, ndipo inu, munthu wa maso a chinyamata, mudzatiuza pamaso pa ana anga ngati zilembozo zili mbee monga dzina la sitolo yanu. Mukadzati zili mbee, ndidzapereka makiyi kwa akamwini ndi manja awiri. Mukadzaona mthunzi umene ndimaona ine, pamenepo padzakhala njira ziwiri: mudzagwade kuseri kwa tebulo ndi chingwe choyenera, kapena muvomereze kuti nanunso maso atha. Mukasankha yachiwiriyi musadandaule za ulendo wobwerera. Jekeseni adzakusungirani makiyi a galimoto yanu, ndipo akamwini anga ndi munthu wokonzeka kusamalira galimoto ziwiri.

Ndine wanu wodzichepetsa, amene adzakuonani muli patali mukamadzafika,

Bambo a Jekeseni, Choko ndi Kandege,
dalaivala wopuma, mwini makiyi mpaka Loweruka limenelo.